Concise si terse, musatinamize ndi Chingerezi

Dzulo ndinalembera muphwa wanga uthenga pa WhatsApp. Agogo ake agonekedwa m'chipatala kuyambira Lachiwiri. Amene akuwadikirira ndi amayi ake, atopa, miyendo yatupa ndi kugona pasimenti. Ndinamufotokozera zonse, n'kumufunsa zinthu ziwiri: ubwera Loweruka kudzawapumitsa? Nanga ya thiransipoti uli nayo? Yankho lake: "Noted." Basi, liwu limodzi ndi kadontho.

Nditamuimbira mtima uli m'mwamba, akuti, "Amalume musakwiye, ndimangofuna kukhala concise, kuntchito timalemba choncho."

Concise? Ayi mwana iwe, usalinamizire liwuli. Zimene unachitazo Angerezi amati terse. Mawu awiriwa amaoneka ngati mapasa chifukwa onse akunena za kufupikitsa, koma mtima wawo ndi wosiyana. Concise ndi kunena zonse zofunika m'mawu ochepa. Wapeta, madeya apita, mphale yatsala m'lichero. Terse ndi kuyankha mwachidule komanso mouma, wokumvayo n'kudzifunsa ngati wakulakwira. Ukanalemba kuti "Ndamva amalume, pepani. Ndibwera Loweruka m'mawa, ndalama ndili nayo," imeneyo ndiyo concise. Mawu asanu ndi anayi, mafunso onse ayankhidwa, ulemu ulimo. "Noted" wakoyo wayankha funso liti? Ubwera kapena subwera? Amayi ako ndiwauze chiyani?

Kufupikitsa si kutaya nkhani. Kufupikitsa si kumana munthu yankho. Pa mayeso a MSCE, ukamalemba summary n'kusiya mfundo zikuluzikulu, palibe amene amakupatsa malikisi poti wasunga inki. Uchepetse mawu, mfundo zikhalemo zonse.

Chondiwawa n'choti terse kalelo linali liwu lotamanda. Linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chinthu chopukutidwa bwino, choyera. Masiku ano munthu akakuuza kuti yankho lako linali terse, kawirikawiri sakukuyamikira, akukuuza kuti unayankha ngati wakwiya. Concise ndiye amatamandira nalo kalata yabwino mpaka pano. Zonsezi zili mu dikishonale, ndipo dikishonaleyo ili mufoni momwemo. Safunsa adadya phula.

Mwina ndi mafoniwa, mwina ndi kuthamanga kwa m'tauni, kaya. Koma musabise kuuma mtima kuseri kwa Chingerezi. Mukafuna kuyankha mwamwano yankhani, tidziwe kuti ndi mwano, osati kuutcha concise ngati kuti ndi luso la ophunzira.

Ndipo si muphwa wanga yekha. M'gulu lathu la pa WhatsApp la kumudzi munthu alengeza maliro a mayi ake, wina n'kungoponya kachithunzi ka chala chachikulu chija. Chala! Pamaliro! Wina "RIP", zilembo zitatu, ngati kuti kulemba "pepani, Mulungu akutonthozeni" kumatha bandulo.