Magetsi aunike poponda, osati m'maso

A mlembi, mwanena zoona kuti pamalo oimapo poonera mtsinje, kuchulukitsa magetsi sikutanthauza kuti malowo ndi otetezeka. Ine ndimakhala ku London, ndipo ndikaweruka usiku ndimadutsa m'mbali mwa mtsinje wa Thames, cha ku South Bank, dera la kutsidya la kum'mwera kwa mtsinjewu. Ndinazionera kumeneko ndi maso anga.

Milatho 9 ya pamtsinjewu inaikidwa magetsi a LED pa ntchito ya Illuminated River yomwe anakonza katswiri wa zaluso Leo Villareal: inayi mu 2019, ina isanu mu 2021. Chimene chimandikomera n'chakuti kuwalako kumagwera pa mlatho weniweniwo, sikungotayikira m'madzi. Ukatsamira pachitsulo cha m'mphepete, umaona mafunde akunyezimira pang'onopang'ono, maso osapweteka.

Koma ndikusiyana nanu pa magetsi ataliatali oyera mbee amene mwati aikidwe pamalo oonerapo. Ayi ndithu. Getsi likamakuthobwa m'maso, tsidya lonse limasanduka mdima bii, ndiye munthu wabwera kudzaona chiyani? Komanso kuwala koyera kotere kumaitana tizilombo touluka, n'kusokoneza mileme ndi nsomba. Kuli bwino kubisa timagetsi kunsi kwa chitsulo chogwirira ndi m'mphepete mwa masitepe, toloza pansi, tofiirira ngati nyali ya palafini. Agogo oyenda ndi ndodo aziona poponda. Panjira yolowera pokha ndi pamene pakufunika getsi lofika pankhope, pamtengo waufupi wokhala ndi chophimba pamwamba, kuti mayi amene akuyenda yekha ndi mwana azimuona bwino munthu wobwera kutsogolo kwake.