Bodza la wotsatsa limachokera kwa bwana wake

Mwini sitolo akapusitsidwa pa makina olipirira ndi khadi, amatukwana mnyamata amene anabwera kudzamutsatsa, koma ine ndimaona kuti mlandu waukulu uli ndi mabwana amene anamutuma.

M'makampani ambiri a ntchito imeneyi ku America, wotsatsa salandira malipiro a pamwezi. Amadalira komishoni basi, mafuta a galimoto amagula yekha, ndipo akalephera kusainitsa amalonda ochuluka monga mmene anamulamulira, amachotsedwa n'kulowetsapo wina. Zimene amaphunzitsidwa kwambiri ndi mawu okopera anthu, osati kawerengedwe ka ndalama zimene wamalonda azidulidwa, kotero kuti nthawi zina amanena zabodza iye mwini akuyesa kuti ndi zoona.

Mu 2022, bungwe la boma la Federal Trade Commission linasumira kampani ya First American Payment Systems ya ku Texas. Linanena kuti otsatsa a kampaniyi ankauza eni mabizinesi ang'onoang'ono, ena mwa iwo osamva bwino Chingerezi, kuti akhoza kusiya nthawi iliyonse popanda kulipira kanthu, pomwe mgwirizano unali wa zaka zitatu ndipo wosiyira panjira ankadulidwa madola 495. Mfundo zimenezi zinabisidwa pa tsamba lolembetsera la pa intaneti, ndipo ena ankachotseredwabe ndalama ku akaunti atasiya kale. Kampaniyo inavomera kupereka madola 4.9 miliyoni kuti anthu abwezeredwe. Tsamba limenelo sanalikonze ndi wotsatsa woyenda khomo ndi khomo. Analikonza ndi anthu a mu ofesi, amene madandaulo ankawafika ndithu.

Sindikuchotsera wotsatsa mlandu wonse, pakuti munthu wamkulu amadziwa pamene wadumpha dala ndime yowawa ya mgwirizano. Komabe kumuchotsa ntchito, dongosolo la komishoni n'kulisiya momwemo, ndi kupha nyerere imodzi n'kusiya chulu.

Kuno kwathu Reserve Bank of Malawi ikulimbikitsa amalonda kulandira ndalama kudzera pa makina olipirira ndi khadi (POS) ndi pa foni, choncho otsatsa oterewa azichuluka. Ndikanakonda kuti mwini golosale aliyense azipatsidwa pepala la m'chilankhulo chake losonyeza ndalama zonse zodulidwa, kutalika kwa mgwirizano ndi mtengo wosiyira, asanasaine. Pepalalo lisainidwenso ndi bwana wa wotsatsayo, kuti zikavuta asadzanene kuti mnyamatayo analankhula za m'mutu mwake.