Dinosaur pa nkhani ya Precambrian? Ayi ndithu

Koma abale, mwati pa nkhani ya Precambrian, nyengo yakale kwambiri ija ya mbiri ya dziko lapansi, mu insaikulopediyamo muika chithunzi cha dinosaur kuti anthu akopeke? Apa ndiye mwaphonya. Precambrian inatha zaka pafupifupi 540 miliyoni zapitazo, ma dinosaur anabwera mochedwa zedi, cha m'ma zaka 230 miliyoni zapitazo, ndiye mwana wasukulu akaona chithunzicho angobalalika basi. Ikani ma stromatolite (miyala yopangidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono tofanana ndi ta nthawi ya Precambrian) aku Shark Bay ku Australia, aja amaoneka ngati zulu zazing'ono m'madzi osaya aja, kapena miyala yaku Barberton ku South Africa yomwe yapyola zaka 3 biliyoni. Komanso chonde pambali pa mwala pazikhala hamala kaya khobidi, ine chithunzi china ndinkayesa ndi phiri chonsecho kanali kamwala kokwana m'dzanja kkkk