Agogo ndi nyerere za mu xterm

AGOGO: Iwe, tabwera msanga. Kompyuta wandipatsayi yalowa nyerere.

MDZUKULU: Nyerere kuti, agogo?

AGOGO: Izi zandandana apazi. Zakuda, zambirimbiri, koma sizikuyenda.

MDZUKULU: Ndi zilembo zimenezo. Mwatsegula xterm, windo momwe timalembamo malamulo a Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyutayi.

AGOGO: Zilembo? Ine ndagwira choko zaka 30. Mwana akanandilembera tinthu totere, ndikanamubwezera kope lake osachonga.

MDZUKULU: Zimakula, agogo. Dinani Ctrl musataye, kenako dinani batani lakumanja la mausi, nalonso musataye.

AGOGO: Dzanja ili uku, linali uko. Nanga ndodo yanga agwire ndani?

MDZUKULU: Itsamiritseni pakhoma. Eya, wabwera mndandanda: Default, Unreadable, Tiny, Small, Medium, Large, Huge. Mutsetsereke mpaka pomwe mukufuna, mutaye batani. Ndiyankhe foni kaye.

(Patapita mphindi ziwiri)

MDZUKULU: Agogo! Mwatani? Pangotsala fumbi lokhalokha!

AGOGO: Ndasankha Unreadable.

MDZUKULU: Chifukwa?

AGOGO: Chizungu ndimachimva ine. Yandifunsa vuto langa, ndayiuza zoona: sizikuwerengeka.

MDZUKULU: Si dokotala ameneyu ayi, sakufunsani matenda. Akufunsa zomwe mukufuna.

AGOGO: Ndiye pali munthu wanzeru zake amene amapempha zilembo zosawerengeka?

MDZUKULU: Anaziika pamenepo, basi. Sankhani Huge.

AGOGO: Ehee! Maso atseguka! Dzina langa ili. Koma kumapetoku kuli chizindikiro cha dola. Ndakongola kwa ndani?

MDZUKULU: Palibe ngongole. Chizindikirocho chikutanthauza kuti ikudikira mulembe lamulo.

AGOGO: Idikire. Nditseke kaye ndione ngati yamva... Aa! Nyerere zabwereranso!

MDZUKULU: Zosankha pamndandanda uja imaiwala mukangotseka.

AGOGO: Ndiye nkhalamba ndani pano, ine kapena iyo?

MDZUKULU: Lembani chonchi: xterm -fa Monospace -fs 20. Itsegula windo lina la zilembo zikuluzikulu. Pa 20 paja ndi ziro, osati O.

AGOGO: Ndilembe m'tizilembo tomwe sindikutiona, n'cholinga choti ndizitiona?

MDZUKULU: Chabwino, bweretsani. Ndizilemba mu fayilo ya .Xresources kuti izikumbukira yokha tsiku lililonse.

AGOGO: Lemba. Ukamaliza uifunse bwinobwino za dola ija. Ngati ili yanga, indipatse.