Mphepo ndiyo imatha gasi

Ndi zoona kuti pa ulendo wautali wapansi gasi wophikira ndi wofunika kumusamala, poti aliyense amanyamula yekha kumsana. Koma ine ndikuona kuti chomwe chimamutha msanga ndi mphepo. Kamphepo pang'ono chabe, lawi limapindikira kumbali, poto osatentha, gasi akungopita. Phikirani kuseri kwa mwala. Komatu chonde, ngati sitovu yanu ndi yomangirira pamwamba pa kabotolo ka gasi, musaitchinge mbali zonse, kabotoloko kakatentha kwambiri kangathe kuphulika.

Poto azikhala wovundikira nthawi zonse. Madzi akawira thirani mpunga, ubwate pang'ono, zimitsani moto, kenako kulungani potoyo m'juzi. Umapsa wokha ndi kutentha kotsalako. Pamwamba pa mapiri muudikire kanthawi ndithu, chifukwa pamalo okwera mamita 3,000 madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 okha.

Kukazizira mpaka madigiri 0, gasi wa m'kabotolo wa mtundu wotchedwa butane amafooka. Gonani nako kabotoloko m'chofunda, m'mawa kayaka bwino. Ndipo mvula igwe chotani, musaphikire m'tenti yotseka. Mpweya woipa wa carbon monoxide, womwe umachokera ku moto wa sitovuyo, sumveka fungo, koma umapha.