Anamwino ali ndi mayina, atchuleni akadali moyo

Usiku wathawu ndinakhala maola awiri ndikuonera mwambo wopereka mphoto kwa anthu amene athandiza pa nkhani za umoyo ndi ufulu wachibadwidwe, ndipo ndinagona mtima ukuwawa. Akuluakulu a mabungwe ankaitanidwa mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lake ndi udindo wake, n'kumakwera pansanja anthu akuwomba m'manja. Anamwino anawathokoza kamodzi kokha, onse pamodzi ngati mtolo wa nkhuni, nthawi imene anthu ena anali atayamba kale kutuluka. Kumbuyo kwa olankhulawo kunali chithunzi chachikulu cha namwino atachirikiza mutu wa mwana ndi dzanja limodzi, linalo akum'mwetsa madzi ndi supuni. Mwambo wonse unatha popanda wonena kuti mayi ameneyu ndi ndani.

Wolira samugwira pakamwa, choncho mundilole ndinene. Namwino ali ndi dzina, ndipo ulemu umene sutchula dzina la munthu si ulemu ayi. Nkhope yake mumaifuna pa chithunzi chopemphera ndalama, koma dzina lake mumaliiwala tsiku logawa mphoto. Zimenezi n'zochititsa manyazi.

Ndi angati mwa ife amene akumudziwa Mbalu Fonnie? Mayiyu anatsogolera kwa zaka zambiri anamwino osamalira odwala matenda a Lassa ku Kenema, m'dziko la Sierra Leone, ndipo Ebola itafika sanathawe. Anamwalira ndi nthendayo mu 2014, mliri umene unapha ogwira ntchito zachipatala oposa 500 kumadzulo kwa Africa. Tikati oposa 500 timaona nambala chabe, pamene aliyense wa iwo m'mawa ankavala magolovesi n'kulowa m'wodi akudziwa kuti mnzake wa dzulo wagona pa bedi lomwelo.

Nkhani ya Salome Karwah wa ku Liberia ndiyo imandisowetsa tulo. Makolo ake onse awiri anafa ndi Ebola, iyenso anadwala n'kuchira, ndipo atachira anabwerera kumalo osamalira odwala ku Monrovia kukasambitsa, kudyetsa ndi kunyamula anthu amene aliyense ankaopa kuwakhudza. Magazini ya Time inaika nkhope yake pachikuto mu December 2014. Mu February 2017 anamwalira patangopita masiku ochepa atabereka, ndipo achibale ake ananena kuti atadwalika ogwira ntchito ena anaopa kumugwira chifukwa chakuti anadwalapo Ebola. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Salome anazimira anthu ambirimbiri, koma tsiku limene zake zinapsa ozima anasowa. Uyu ndi mmodzi amene dziko linam'tchulako dzina. Nanga amene sanatchulidwepo n'komwe, akuwakumbukira ndani?

Ndikudziwa kuti wina andiuza kuti mendulo ya Florence Nightingale, yolemekeza anamwino, ilipo. Inde ilipo, inakhazikitsidwa mu 1912, ndipo bungwe la Red Cross limaipereka kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse kwa anthu osapitirira 50. Mendulo imeneyi ndimailemekeza kwambiri. Koma lipoti la mu 2020 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti anamwino padziko lonse ndi pafupifupi 28 miliyoni, ndipo ndiwo gulu lalikulu koposa mwa akatswiri onse a zaumoyo. Mamendulo 50 sangafikire khamu lotere, ndiponso ndikukupemphani kuti munditchulire munthu mmodzi yekha amene anailandira posachedwapa. Ngati simungathe, vuto silili mwa inu, koma mwa amene amalengeza mayinawo monong'ona. Mwina n'chifukwa chakuti anamwino ambiri ndi akazi, mwina n'chifukwa chakuti sakhala nawo m'makomiti osankha. Chifukwa chilichonse chingakhalepo, sindichilandira. Tchulani dzina la namwino mokweza, iye ali pomwepo akumva, osati kudikira tsiku la maliro ake.

Ndiye palinso ina imene imandikwiyitsa koposa. Mu 2016 nthambi ya chitetezo ya bungwe la United Nations inavomereza chigamulo cha nambala 2286, chodzudzula kuukira zipatala ndi ogwira ntchito zachipatala m'madera a nkhondo. Patangotha zaka ziwiri, azamba awiri ogwira ntchito ndi Red Cross, Saifura Khorsa ndi Hauwa Liman, anabedwa ku Rann m'dziko la Nigeria, ndipo anaphedwa ndi zigawenga chaka chomwecho cha 2018. Atsikana amenewa anapita kukabereketsa amayi othawa nkhondo. Pa mwambo wa dzulo uja, m'maola awiri onsewo, mayina awo sindinawamve.