Amalawi a ku Joni, lekani kukolezera moto pa WhatsApp

Abale ndi alongo, khalidwe lomwe lafala m'magulu athu a WhatsApp ndi lochititsa manyazi. Wina akangoponya kavidiyo konyoza Asomali kapena Apakistani a maspaza (timashopu ta m'makomboni), inu n'kuombera m'manja, n'kukatumiza kwina, ati "Asilamu ndiwo akutiipitsira mbiri." Mwaiwala kodi kuti anzathu ambiri kuno ndi a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka, omwe Lachisanu amaswali m'mizikiti ya ku Mayfair ndi Fordsburg? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zipolowe zodana ndi alendo zomwe zinayambira ku Alexandra mu 2008 zinapha anthu 62, ena mwa iwo eni dziko lino.

Woyamba kulozedwa chala ndi mayi. Bambo amavula kofia n'kuipinda m'thumba, koma mayi wa hijabu, mwana ali kumbuyo, amaonekera patali pamzere wa kiliniki. A Operation Dudula, gulu lomwe linayambira ku Soweto mu 2021, akhala akuima pazipata zomwezo n'kumabweza alendo. Komabe abambo ena mukumusiya mkazi apite yekha mbandakucha, pasipoti yake mutaitsekera m'sutikesi yanu. Zimenezo zitheretu! Akabwezedwa kawiri amachita mantha: sikelo amasiya, ma ARV amadukiza, mwana katemera osabaya, mapeto ake kuchirira m'chipinda cha lendi.

Lamulo lilidziweni. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa likuti munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Mu 2023 khoti lalikulu la Gauteng linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti. Wololedwa kufunsa pasipoti pamsewu ndi wapolisi kapena wa imigireshoni basi.

Amayi aziyenda awiri kapena atatu, atatenga khadi la sikelo ndi kopi ya pasipoti yodindidwa kupolisi. A Dudula akakutsekerezani, musakokane nawo. Lembani tsiku, nthawi ndi dzina la kiliniki, mukadandaule ku mabungwe omenyera ufulu a SECTION27 kapena Lawyers for Human Rights. Pakakhala ndewu imbirani apolisi pa 10111. Mayi akagwiriridwa, chonde musabise poopa za mapepala. Thamangirani naye ku Thuthuzela Care Centre, malo othandizira ogwiriridwa, asanasambe, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe.